Chaka Chimene Nthungululu Zinati Zii

Aliyense amene anakulira m'dziko muno amadziwa kuti nyengo ya maukwati imafika anthu akatha kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya akagulitsidwa ku okushoni, mvula ikakata ndipo misewu ya kumidzi ikauma, ndi pamene makomiti a ukwati amayamba kukumana Lamulungu lililonse masana, kope ndi cholembera zili m'manja. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira Disembala, si kawirikawiri kuti Loweruka lidutse osamva mahutala a galimoto zovekedwa maluwa, kapena nthungululu za amayi pakhomo pa tchalitchi.

Ambiri a ife tikaona mdipiti wotere timangoona akwati awiri ndi aperekezi awo. Koma kuseri kwa awiriwo kuli gulu lalikulu la anthu amene mphika wawo umakhala pamoto chifukwa cha tsiku limenelo. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa boma kuika malire pa chiwerengero cha anthu osonkhana pamodzi, anthu amenewa anali m'gulu la oyamba kumva njala, ndipo pogawa chithandizo ambiri a iwo anatsalira kumapeto kwa mzere. M'nkhani ino tikufuna tione mmene zinthuzi zinayendera, pakuti muli phunziro kwa inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mukufunafuna chochita, ndiponso kwa ife aphunzitsi amene timakukonzekeretsani.

Amene amadya za Loweruka

Tiyeni tiyambe ndi kuwawerenga anthuwa. Pali telala amene amasoka zovala za aperekezi ndi yunifolomu ya chitenje ya amayi a mbali zonse ziwiri. Pali mayi wobwereketsa diresi loyera ndi velo, amene katundu wake amakamupikula ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Pali wophika keke, woluka tsitsi, wokongoletsa holo, mwini matenti ndi mipando, mwini zokuzira mawu, wojambula zithunzi ndi kanema, wosindikiza makhadi, ndiponso wotsogolera mwambo amene lilime lake ndilo limamasula matumba a anthu. Pali amayi ophika mpunga m'mapoto akuluakulu kuyambira m'bandakucha, anyamata onyamula mipando pa ganyu, ndi katswiri wa magule amene amaphunzitsa aperekezi kavinidwe kwa milungu ingapo ukwati usanafike. Kumudzi nako kuli woweta nkhuku ndi mbuzi, wolima mpunga wa Kilombero ku Karonga, wophika thobwa ndi wogulitsa nkhuni.

Anthu onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: ndalama zawo zimakula kapena kuchepa molingana ndi unyinji wa anthu obwera ku phwando. Ambiri a iwo alibe malipiro a pamwezi, alibe abwana owalembera kalata, ndipo maina awo sapezeka m'kaundula aliyense. Si iwo okha ayi. Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza anthu apantchito anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse ogwira ntchito, 89 ankagwira ntchito zosalembetsedwa za mtundu womwewu. Chimene chimasiyanitsa anthu a maukwati ndi anzawo a pamsika n'chakuti wogulitsa tomato amagulitsa tsiku ndi tsiku, pamene wokongoletsa holo amadalira Loweruka la miyezi yowerengeka kuti adye chaka chonse. Nyengo imodzi ikamuphonya, ali ngati mlimi amene mvula yamudukira chimanga chikumasula.

Ukwati wathu umalipiridwa ndi khamu

Kuti timvetse chifukwa chake malire aja anapweteka chotero, tiyenera kukumbukira mmene phwando la ukwati limayendera kuno kwathu. M'maiko ena, woitanidwa aliyense amangowonjezera mbale imene eni phwando ayenera kulipira. Kuno mlendo amadya inde, koma sabwera chimanjamanja. Pachimake pa phwando ndi pa perekaniperekani. Wotsogolera mwambo amaitana magulu motsatizana: akuchimuna, akuchikazi, anzake a mkwati a kuntchito, amayi a kumpingo, amene anaphunzira limodzi ndi mkwatibwi. Gulu lililonse limatuluka ndi nyimbo yake, likuvina ndi kuponya ndalama m'lichero kapena m'beseni. Chapambali pamakhala tebulo la osintha ndalama, amene amaphwanya K2,000 kukhala timapepala ta K50 ndi K100 kuti wofupa akhalitse m'bwalo. Ngakhale keke imene imadulidwa ndi kugulitsidwa zidutswa.

Ndalama zimenezi si zosewera. Ndizo zimabweza ngongole ya holo ndi ya zakudya, ndipo zotsala ndizo akwati amayambira banja: kugula matiresi, kulipira lendi, mwina kuyambitsa kabizinesi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Bambo amene wafupa lero pa ukwati wa mwana wa mnzake amadziwa kuti wasungitsa, ndipo tsiku la mwana wake likadzafika mnzakeyo adzabwera kudzabweza. Tinganene kuti perekaniperekani ndi banki yopanda mabuku, imene mlembi wake ndi maso a anthu.

Tsono lamulo lochepetsa anthu pa ukwati linatseka banki imeneyi. Taganizirani makolo amene kwa zaka 20 akhala akuvina ndi kufupa m'maukwati a ana a anzawo, kenaka tsiku la mwana wawo woyamba n'kugwera m'chaka cha 2020. Zimene anasungitsa zaka zonsezo analibe pokazitengera.

Malamulo anadza motsatizana

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 20 Malichi 2020, matendawa asanapezeke ndi komwe m'dziko muno, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti Malawi ali pa ngozi. Analetsa misonkhano ya anthu oposa 100, kuphatikizapo maukwati, maliro ndi mapemphero, ndipo sukulu zonse zinatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi. Pa 2 Epulo anthu atatu oyamba anapezeka ndi kachilomboka mu mzinda wa Lilongwe.

Pa 14 Epulo nduna ya zaumoyo, Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo. Ochita malonda m'misika anakwiya ndipo ena anachita zionetsero, akumafunsa chimene adzadye ali m'nyumba. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linakamang'ala ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Dandaulo lalikulu linali lakuti boma likufuna kutsekera anthu m'nyumba lisanakonze chowathandizira. M'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho, bwalo linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Motero Malawi sanakhale pa m'bindikiro wathunthu monga anzathu a ku South Africa. Misika inapitirira, maminibasi anayendabe. Koma malire a anthu osonkhana anatsala, ndipo ntchito imene moyo wake wonse ndi kusonkhanitsa anthu inalibe kothawira.

Chimene chinawawa eni maholo ndi mabanja n'chakuti m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pokonzekera chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020, zipani zinkasonkhanitsa anthu zikwizikwi m'mabwalo, pamene mayi wokwatitsa mwana ankauzidwa kuti asapyole 100. Chisankho chitatha, odwala anachuluka kwambiri m'mwezi wa Julayi. Ngakhale mwambo wolonga mtsogoleri watsopano, Lazarus Chakwera, umene unakonzedwa kuti uchitikire pa bwalo la masewero la Bingu pa 6 Julayi, unasamutsidwira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa chabe.

Nkhonya yaikulu inadza kumayambiriro kwa Ogasiti 2020, pomwe nyengo ya maukwati inali kuyamba. Boma linakhazikitsa malamulo atsopano: kuvala chotchinga pakamwa ndi pamphuno pagulu kunakhala kokakamiza, ndipo msonkhano uliwonse unayenera kukhala wa anthu osapyola 10, kupatula maliro amene analoledwa kufika pa 50. Atsogoleri a mipingo atadandaula, lamuloli linafewetsedwa pasanapite nthawi yaitali, komabe mabanja ambiri anali atasintha kale masiku awo.

Tisaganize kuti boma linkachita izi mwa nkhanza chabe. Phwando la ukwati lili ndi zonse zimene kachilombo kotere kamafuna: anthu othithikana m'holo kwa maola ambiri, kuimba ndi kululutira, kukumbatirana, ndi agogo ochokera kumudzi atakhala pakati pa adzukulu ochokera m'tauni. Mwezi wa Januwale 2021 unationetsa kuopsa kwake. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi ndi matendawa, ndipo mtsogoleri wa dziko analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Patapita masiku ochepa anthu analetsedwa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa, ndipo misonkhano inachepetsedwa kufika pa anthu 50. M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho mliri unabweranso kachitatu, malire n'kubwezeretsedwanso. Pomaliza penipeni, anthu oposa 2,600 ndiwo analembedwa kuti anamwalira ndi nthendayi m'dziko muno.

Mipando khumi

Tibwerere ku lamulo la anthu 10 lija kuti tione tanthauzo lake pa ukwati. Mkwati ndi mkwatibwi ndi awiri. Mbusa, wansembe kapena shehe ndi wachitatu. Ankhoswe awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi, tafika pa asanu. Makolo a mbali zonse ziwiri, ngati onse ali moyo, ndi anayi. Tafika pa asanu ndi anayi. Mpando watsala umodzi. Kodi ukhale wa agogo amene analera mkwatibwi, wa mlongo wake wa mkwati, kapena wa wojambula zithunzi? Ngakhale pa 50 kapena pa 100, komiti inali ndi ntchito yosautsa yofufuta maina a abale, ndipo tonse tikudziwa kuti azakhali amene sanaitanidwe sayiwala msanga.

Masamu a ndalama nawonso anasokonekera. Diresi, suti, mphete, galimoto ndi wojambula mtengo wake ndi womwewo, kaya alendo ndi 500 kaya ndi 50. Zolipira zinatsika pang'ono chabe, pamene zolowa zinatsika ndi khamu lomwe.

Mabanja anatenga njira zosiyanasiyana. Ambiri anasuntha tsiku, ena kawiri kapena katatu. Apa ndi pamene panabuka mikangano ya ndalama ya chikole imene inaperekedwa kale kwa eni maholo, ophika ndi okongoletsa. Banja linkafuna ndalama yake. Wamalonda anali ataigwiritsa kale ntchito pogula katundu kapena kudyetsa ana. Ndipo popeza mapangano ambiri anali a pakamwa, panalibe pepala loti n'kuwalanditsa. Ena anadalitsa ukwati m'tchalitchi ndi anthu owerengeka, phwando n'kuliika padera kudikira nyengo yabwino. Ena anakalembetsa kwa DC. Ena anabwerera ku chinkhoswe cha pakhonde, chimene makolo athu ankachidziwa: ankhoswe kusinthana tambala ndi thadzi, kupereka khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, kulangiza ana, basi ukwati watheka. Analiponso, makamaka kutali ndi maso a apolisi, amene anangochita phwando lawo monga kale.

M'matauni luso la makono linayesa kutseka mpatawo. Ukwati unkaonetsedwa pa Facebook kuti abale a ku Mzuzu, ku Cape Town ndi ku Leeds aonere ali kwawo, ndipo pa khadi pankalembedwa nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba. Zinathandiza ndithu, koma foni siivina. Munthu wotumiza pa foni amatumiza kamodzi ndalama imene waiganizira bwino ali phee. Pa perekaniperekani munthu yemweyo amadzuka kasanu, chifukwa nyimbo yamukoka, chifukwa akuchikazi aoneka ngati akuposa akuchimuna, chifukwa anzake akumuona.

Panalinso vuto lina lochokera kunja. Maukwati ambiri a m'maboma monga Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amadalira achibale ogwira ntchito ku Joni. Dziko la South Africa linalowa m'bindikiro pa 27 Malichi 2020, ndipo Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'malo odyera ndi m'mashopu anakhala manja lende. M'mwezi wa Meyi mabasi anayamba kuwabweretsa kudzera pa chipata cha Mwanza. Malume amene analonjeza ng'ombe ya pa ukwati anafika ndi chikwama cha zovala chokha. Nawo amalonda amene amapikula madiresi, nsapato ndi zokongoletsera kunja anasowa njira, pakuti ndege za anthu zinaimitsidwa kuyambira pa 1 Epulo kufikira kumayambiriro kwa Sepitembala 2020.

Chithandizo chinadutsa njira iti?

Boma silinangokhala chete. M'mwezi wa Epulo 2020 panalengezedwa njira zingapo zopepukitsira anthu mavuto. Banki yaikulu ya dziko inagwirizana ndi mabanki kuti ochita bizinesi amene mliri wawakhudza apatsidwe miyezi itatu yopuma osabweza ngongole. Bungwe lotolera misonkho la MRA linatsegula nyengo ya miyezi isanu ndi umodzi yoti amene ali ndi ngongole za msonkho akonze nkhani zawo popanda chilango. Gawo la zokopa alendo linapepukitsidwa pa misonkho ina, ndipo makampani a foni anatsitsa mtengo wotumizira ndalama.

Tsono tiyeni tifunse: kodi njira zimenezi zinafika kwa yani? Kupuma pa ngongole ya kubanki kunathandiza amene anali ndi ngongole kubanki. Hotela yaikulu yokhala ndi holo ya maukwati inapindulako. Koma mayi wokongoletsa wa ku Ndirande kapena ku Area 25, amene nsalu ndi maluwa ake anagula ndi ngongole ya kubanki mkhonde kapena ya katapila, sanapume ngakhale tsiku limodzi, pakuti wakatapila sawerenga chikalata cha banki yaikulu. Chimodzimodzi mwayi wa msonkho: unapindulira amene dzina lake lili kale m'mabuku a msonkho.

Njira imene ikanafika kwa anthu wamba inali ya ndalama zapamwezi. Pa 28 Epulo 2020 boma linalonjeza kuti mabanja osachepera 172,000 a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi kudzera pa foni, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a nthawi imeneyo, kuyambira mwezi wa Meyi. Meyi anadutsa, chisankho chinadutsa, boma linasintha, nyengo yonse ya maukwati ya 2020 inatha. Ndalamazo zinayamba kufika kumayambiriro kwa 2021, za miyezi itatu, m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kwa amene analandira, zinali mpumulo weniweni. Koma posankha olandira ankayang'ana madera osaukitsitsa a m'mizinda ndi umphawi wa banja. Wojambula zithunzi wa pa Kasungu kapena mwini matenti wa pa Balaka anali kunja kwa mizinda inayi ija. Wotsogolera miyambo wokhala m'nyumba ya lendi yooneka bwino sankaoneka wosauka, ngakhale anali atatha miyezi osagwira ntchito.

Pamwamba pa kuchedwaku panadza nkhani yochititsa manyazi. Kafukufuku wa kayendetsedwe ka K6.2 biliyoni imene inaperekedwa kuti ilimbane ndi mliriwu anapeza kuti ndalama zambiri zinasakazidwa, zina n'kuthera m'maalawansi. M'mwezi wa Epulo 2021 nduna ya zantchito, Ken Kandodo, inachotsedwa pa udindo chifukwa cha nkhaniyi, ndipo ogwira ntchito m'boma angapo anamangidwa. Ndalamazo sizinali zolipira ochita malonda, komabe munthu amene anatseka bizinesi yake pomvera lamulo anali ndi chifukwa chomveka chowawidwira mtima.

Poyerekeza, tingaone zimene Amalawi okhala ku England anakumana nazo m'chaka chomwecho. Kumeneko malamulo anali okhwima koposa: maukwati anaimitsidwa kuyambira pa 23 Malichi 2020, analoledwanso pa 4 Julayi ndi anthu 30, ndipo kumapeto kwa Sepitembala chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 15. Koma boma la Britain linkalipira 80 peresenti ya malipiro a wantchito amene wakhalitsidwa pakhomo, mpaka mapaundi 2,500 pamwezi. N'zoona kuti dziko limenelo ndi lolemera, ndipo ife sitingafanane nalo. Komabe chuma chokha sichikanakwanira. Ndalamazo zinayenda msanga chifukwa wantchito aliyense anali kale m'kaundula wa msonkho, ndipo boma linkadziwa dzina lake, abwana ake ndi malipiro ake. Chithandizo chili ngati madzi: chimatsata ngalande imene inakumbidwa mvula isanagwe.

Maukwati opanda khadi

Pamene maukwati a m'maholo ankachepa, mtundu wina wa ukwati unkachuluka mwakachetechete, ndipo ife aphunzitsi tinauona ndi maso athu pa mabenchi opanda anthu. Sukulu zinakhala zotseka kuyambira Malichi mpaka Sepitembala 2020 kwa makalasi olemba mayeso, ndipo ena onse anabwerera mu Okutobala. Kafukufuku wachangu amene boma linachita chaka chimenecho anapeza kuti m'nyengoyo atsikana pafupifupi 13,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 40,000.

Maukwati amenewa analibe khadi, analibe keke, ndipo sanaphwanye lamulo la anthu 10. Anaphwanya lamulo lina lalikulu koposa, pakuti lamulo la maukwati la mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa mu 2017, zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wocheperapo wolowera m'banja. Chimene chinakankha makolo ambiri ndi njala yomwe ija imene inagwira wophika ndi wonyamula mipando. Pakhomo pamene ganyu wasowa, ndipo mwana wamkazi akungokhala osadziwa tsiku limene sukulu idzatsegulidwe, mwamuna wobwera ndi thumba la chimanga amaoneka ngati mpulumutsi. Mafumu ena, monga Senior Chief Kachindamoto a ku Dedza, analamula kuti maukwati otere athetsedwe ndipo ana abwerere kusukulu. Ena anabwereradi. Ambiri sanabwerere, ndipo madzi akatayika sawoleka. Tikamawerenga mtengo wa chithandizo chochedwa, tiyenera kuwerengeramo ndi atsikana amenewa.

Zimene zatsala ndi ife

Katemera woyamba anafika m'dziko muno m'mwezi wa Malichi 2021, malire anachotsedwa pang'onopang'ono, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Nthungululu zinabwerera, maholo anadzazanso. Koma amene anagulitsa kamera, makina osokera kapena matenti kuti adye m'chaka cha 2020 anapeza kuti kuwombola zida zimenezo kwakwera mtengo, makamaka ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ena sanadzukenso.

Kwa inu achinyamata amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mukuganiza zolowa ntchito zimenezi, tikuti lowani, pakuti ndi ntchito zaulemu ndipo anthu sadzaleka kukwatira. Koma tengani phunziro kwa amene anapulumuka. Telala amene anasiya madiresi n'kuyamba kusoka zotchinga pakamwa za chitenje sanagone ndi njala. Wophika amene anayamba kuperekera chakudya m'maofesi ndi m'makomo anasunga mapoto ake. Luso limodzi lodalira Loweruka lokha ndi nyumba ya mzati umodzi. Lembetsani bizinesi yanu kuboma ndi kukhonsolo ngakhale ili yaing'ono, sungani kope la zolowa ndi zotuluka, ndipo pangano lililonse la chikole lilembedwe, lonena bwino chimene chidzachitike tsiku likasintha. Gwirizanani ndi anzanu a ntchito imodzi kuti mukhale ndi bungwe ndi thumba la pangozi, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo boma limamva msanga mawu a gulu lodziwika kusiyana ndi kulira kwa munthu mmodzimmodzi.

Kwa inu amene mukuganiza zomanga banja, zaka ziwiri zija zinatikumbutsa chinthu chimene phokoso la zokuzira mawu linatiyiwalitsa. Lamulo la mu 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wa mwambo wa makolo, ndipo onsewa ali ndi mphamvu yofanana. Palibe pamene limatchula holo kapena chiwerengero cha galimoto. Amene anakwatirana pamaso pa anthu 10 ndi okwatirana mokwanira, ndipo ankhoswe awo ali ndi udindo womwewo. Sitikunena kuti phwando ndi loipa. Taona kale kuti limadyetsa anthu ambiri ndipo limamanga ubale. Chimene tikuchenjeza ndi kukongola ndalama za katapila podalira perekaniperekani amene sanachitike, pakuti 2020 anationetsa kuti khamu likhoza kuletsedwa ndi chikalata chimodzi, pamene ngongole imatsala.

Kwa aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ndi yoyenera kuitengera m'kalasi. Pa phunziro la masamu kapena la zamalonda, auzeni ophunzira alembe ndondomeko ya ndalama za ukwati wa anthu 300, kenaka aichepetse kufika pa anthu 50, aone okha zimene zimatsika ndi zimene sizitsika. Ndipo sukulu ikadzatsekedwanso pa chifukwa chilichonse, kaya ndi mliri, kaya ndi namondwe, tisadikire tsiku lotsegulira kuti tidziwe amene wasowa. Tikhale ndi maina a atsikana athu, tidziwane ndi mafumu ndi magulu a amayi a m'midzi yozungulira sukulu, ndipo tiziwayendera.

Kwa a boma, pempho ndi limodzi. Tsiku lina padzafunikanso kuletsa anthu kusonkhana, ndipo mwina padzakhala chifukwa chabwino monga chinalipo mu Januwale 2021. Kaundula wa anthu odzilemba okha ntchito, m'mizinda ndi m'maboma momwe, akonzedwe tsopano kunja kuli bata, kuti lamulo loletsa ndi chithandizo zidzatuluke sabata imodzi. Funso limene amalonda anafunsa mu Epulo 2020, lakuti adzadya chiyani, lidzafunsidwanso.

M'chigawo chotsatira tidzaona mmene mliri womwewu unasinthira mwambo wa maliro, kuyambira pa kugona pasiwa kufikira pa ntchito ya adzukulu kumanda.